Timabotolo ta Mayi Wopanda Dzina

Chivindikiro chitangotsegulidwa, utsi woyera unasefukira m'thanki, n'kutsetsereka m'mbali mwake mpaka kuyamba kukwawa pansi ngati nkhungu. Sajeni anabwerera m'mbuyo utsiwo utamunyambita akakolo.

"Musaope, si moto," anatero Dokotala. "Ndi kuzizira chabe. Koma mukapisamo dzanja losavala, mulitulutsa litapsa."

Dokotala anali mayi wamtali wa imvi zam'mbali, mkulu wa kafukufuku pa labotaleyo. Anavala magolovesi aakulu ofika m'zigongono, nakoka m'thankimo kachitsulo kokhala ndi timabokosi tosanjikizana. Anatsegula kamodzi. Timabotolo tating'ono ngati chala cha mwana tinali ndondondo m'mizere yake, koma mzere umodzi unali ndi mpata ngati pakamwa pa munthu wogululidwa mano.

"Apa panali timabotolo ta munthu mmodzi. Lachinayi tinalipo. Lero Lolemba, ndi izi mukuzionazi."

"Amayi, ine ndinazolowera milandu ya njinga ndi mafoni," anatero Sajeni. "Munthu angabe magazi kuti akatani nawo?"

"Si magazi wamba. Ndi maselo, asilikali a m'thupi, amene tinawasefa m'magazi." Dokotala anabwezera kabokosi n'kutseka thanki. "Ntchito yathu ndi yanu sizisiyana kwenikweni. Ma ARV amakaniza kachilombo kuswana mpaka kosaonekanso m'magazi. Koma sikatha. Kamalowa m'maselo ena ochepa kwambiri n'kugona momwemo. Munthu akasiya mankhwala, kamadzuka. Vuto n'lakuti selo lobisa kachilombo limaoneka ngati anzake onse. Ndiye ife tikufuna chizindikiro pakhungu la selo lotere, monga mboni imakuuzirani kuti wakubayo ali ndi chipsera patsaya. Titachidziwa, tingathe kuwasaka amenewo okha."

"Munachipeza?"

"Sindikuti tinachipeza. Ndikuti m'maselo a mayi ameneyu tinaona kanthu. Lero timafuna kusungunula timabotolo take tomaliza kuti titsimikize."

Pansi m'chikwama cha Sajeni munali kabotolo ka mapiritsi komwe anakamatula pepala kuti anzake ku polisi asawerenge. Anali atamwa mapiritsiwo zaka zambiri osadumphitsa, ndipo nthawi zonse ankaganiza kuti iyeyo ndi kachilomboko adzalowera m'manda amodzi. Sankadziwa kuti kuseri kwa chipatala kuli anthu amene amadzuka m'mawa uliwonse kukafunafuna kumene kamagona.

"Bwanji osangomutenganso magazi ena?" anafunsa, mawu atatsika.

"Anamwalira. Osatinso ndi kachilomboko, inali sitiroko. Chotsala cha iye chinali mumpata munaona muja, ndipo chinali chamoyo. M'thanki muno maselo amagona zaka ndi zaka. Mukawadzutsa bwino, amadzuka."

"Nanga kunja kwa thanki?"

Dokotala analoza chigubu chachitsulo pakona. "Chonyamulira chake ndi icho. Wakubayo sanachitenge. Mwina anabwera ndi chake. Alipo ena ochita kafukufuku ngati wathu amene angakonde kutidumphira patsogolo. Ngati mtsikana wanga wa makiyi wawapatsa, ndimuthamangitsa, koma maselowo ali moyo."

"Ngati si iwowo?"

Dokotala anavula magolovesi pang'onopang'ono. Chiyambireni ntchito ya upolisi, aka kanali koyamba Sajeni kupempherera kuti wakuba akhale wochenjera.

*

Mtsikana wa makiyi anzake ankamutcha Najuzi, chifukwa ankavala juzi ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Sajeni anamupeza m'kachipinda kotsukira mabotolo, maso ali psuu.

"Ine sindinabe, abwana. Ndikulumbira pa mwana wanga. Ndikanaba ndikanabweranso lero kudzatani? Kudzamangidwa?"

"Khala pansi, chemwali. Chitseko cha chipinda cha thanki chimatsegulidwa liti popanda kiyi?"

"Sichitsegulidwa. Kupatula Lachisanu masana. Tikamathira nayitirojeni m'thanki timachisiya pululu, timatsamiritsa chozimitsira moto. Utsi uja umadya mpweya, munthu ungakomoke osadziwa. Lamulo lake n'lakuti aliyense atuluke, ine ndiime pakhomo mpaka utsi uthe."

"Unaima?"

Najuzi anayamba kupotokola m'mphepete mwa juzi lake. "Anaimba foni a kusukulu ya mkaka, akuti mwana watentha thupi. Muno netiweki imavuta. Ndinapita kuseri kwa jenereta. Sindinachedwe, abwana. Mwina ndinachedwa. Musawauze adokotala, chonde."

"Utabwerako unaona chiyani?"

"Palibe. Thanki inali yotseka bwinobwino." Kenako anakweza mutu. "Koma magolovesi. Ine ndimawapachika zala zitaloza kumwamba kuti aume m'kati. Anzanga onse amandiseka. Ndinawapeza mmene ndinawasiyira, palibe anawakhudza."

"Ndiye wakubayo anapisa dzanja losavala?"

"Munthu wa mu labu sangatero. Ngakhale ataledzera bwanji."

"China chasowa n'chiyani? Ganiza bwino."

"Palibe chamtengo. Timapaketi ta ayezi basi, ta mufiriji wamba wa pakhonde. Timene timaika m'mabokosi onyamulira magazi ochokera ku kiliniki."

Sajeni anasendera pafupi. "Ayezi angasunge maselo aja?"

Najuzi anaseka kaseko kopanda chimwemwe. "Ayezi? Kwa maselo ogona m'thanki, ayezi ndi ng'anjo, abwana."

Sajeni anayang'ana pazenera kanthawi. Wakuba ameneyu anatseka kabokosi, nakabwezera pamalo pake, natsekanso thanki kuti maselo a anthu ena asawonongeke. Anali wakuba waulemu. Ndipo pa timabotolo tonse tija, anasankha ta munthu mmodzi.

"Pa timabotolo pamalembedwa mayina?"

"Manambala okhaokha. Ngakhale adokotala sadziwa kuti nambala iyi ndi ya ndani. Wodziwa ndi Sisitala wa ku kiliniki yekha."

"Ndi mwini magazi," anatero Sajeni.

"Mwini magazi ali m'manda," anayankha Najuzi.

*

Sisitala anali mayi wonenepa wa mawu otsika, amene sanasiye kupinda thonje pamene Sajeni ankalankhula.

"Dzina sindikupatsani, mwanangu."

"Ndine wapolisi, amayi."

"Ndaona yunifolomu, maso anga akadali bwino. Anthu amene amakhala pampando uwo amandipatsa mkono chifukwa ndinawalonjeza kuti dzina lawo lidzafera m'kamwa mwanga. Ena amuna awo sadziwa. Ena ana awo sadziwa. Mukadakhala inu, mukadafuna ndiulule?"

Sajeni anayang'ana mpandowo, wokhala ndi kathabwa koikapo mkono, chikopa chake chitang'ambika pakati. Anaudziwa bwino mpando wamtundu umenewo.

"Ayi," anatero.

Sisitala anamuyang'ana kanthawi, kenako anapitiriza kupinda thonje.

"Komatu maselo ake akufa penapake pamene ife tikulankhula pano," anatero Sajeni. "Ndiuzeni za iye, osati dzina. Anali munthu wotani?"

Nkhope ya Sisitala inafewa. "Wanthabwala. Ena amabwera atakwinya nkhope ngati ndikuwabera. Iye ankapinda yekha malaya n'kunena kuti, 'Tapani, Sisitala, mumupeze mlendo wangayu pamene wabisala. Wakhalitsa osalipira lendi.' Sanajombepo. Nditamuuza kuti mwina mankhwala ake sadzapezeka iye ali moyo, anati, 'Nanga amene amadzala mtengo wa zipatso amafunsa kuti adzadya ndani?'"

"Abale ake amadziwa kuti amapereka magazi?"

"Pamenepo mwafikanso pa dzina."

Sajeni anaimirira. Atafika pakhomo, Sisitala analankhulanso, ngati akulankhula ndi thonje lija.

"Ndikatseka bokosi la magazi, ankakonda kulisisita pamwamba. Amati, 'Kayendeni bwino, ana anga. Wokunyamulaniyo sathamanga.' Ndimamusowa mayi ameneyo."

*

Alonda a pageti la labotale anali bambo wachikulire wa chipewa chachikulu kuposa mutu wawo, ndipo ankaoneka kuti adikira funso tsiku lonse.

"Lachisanu? Aaa, bwana mkazi, mwafunsa munthu woyenera. Pano ngakhale ntchentche imandipatsa moni polowa. Kunabwera a lole ya gasi, anyamata awiri amwano, koma aja amathera pakhonde. Ndinawasecha mpaka m'masokosi."

"Mumasecha aliyense?"

"Aliyense! Ngakhale adokotala amanditsegulira chikwama. Najuzi ndimamuuza kuti tsiku lina ndidzasecha juzi lija, muli anthu awiri mmenemuja."

"Nanga bokosi lonyamulira magazi?"

Alonda anabwerera m'mbuyo, manja m'mwamba. "Limenelo ayi. Ine ndili ndi ana. Ndipise dzanja m'magazi a anthu? Komanso limalowa lodzaza, limatuluka lopanda kanthu. Musechamo chiyani?"

"Amalinyamula ndani?"

"Dalaivala wathu, a Musathamange. Dzina limenelo ndinawapatsa ndine. Munthu amayendetsa galimoto ngati wanyamula mazira, njinga zikumupitirira. Akuti magazi safuna kugwedezeka. Munthu wabwino, koma chimwalirireni akazi awo anangoti zii. Kale tinkaseka pano mpaka adokotala kusuzumira pazenera."

"Akazi awo anamwalira liti?"

"Miyezi ingapo yapitayi. Sitiroko, akuti. Anangogwa akuchapa."

"Lachisanu anatuluka bwanji?"

"Mmene amatulukira." Alonda anakanda pansi pa chipewa. "Ayi, dikirani. Masiku onse bokosi lopanda kanthu amaligwira ndi dzanja limodzi, akuligwedeza chonchi. Tsiku limenelo analikumbatira pachifuwa. Ndinawaseka, ndinati, 'Achimwene, mwabereka?' Sanaseke."

"Lero abwera?"

"Atumiza uthenga. Akuti dzanja latupa."

*

Nyumba ya dalaivala inali ya zipinda ziwiri, kumapeto kwa kanjira kodzaza zithaphwi. Pakhomo panali masilipasi aakazi, atayalidwa bwino moyang'ana m'nyumba. Sajeni anagogoda, ndipo bambo wochepa thupi anatsegula. Dzanja lawo lamanja linali lokulungidwa ndi nsalu, zala zotuluka kunja zili ndi matuza oyera.

Anayang'ana yunifolomu, nagwedeza mutu ngati munthu amene basi yomwe amadikira yafika.

"Lowani, mayi. Pepani fungoli."

Patebulo panali mapoto, mkaka wowawasa, tomato wofota, zonse zimene zimayenera kukhala mufiriji. Firijiyo inali pakona, ikulira, chitseko chake chitamatidwa ndi tepi m'mbali monse. Patsogolo pake panali mpando ndi bulangeti.

"Ali mmenemo?" anafunsa Sajeni.

"Ali bwino," anatero dalaivala mofulumira. "Musadandaule, ndawasamala. Loweruka magetsi anazima, koma ndinathamanga kukagula ayezi wamabuloko kwa ogulitsa nsomba. Sindinalole kuti asungunuke ngakhale pang'ono. Zaka zonsezi ndanyamula magazi pa ayezi, sanandiwonongekerepo ngakhale kamodzi. Afunseni adokotala."

Ananena zimenezi monyadira, ndipo Sajeni anasowa poyang'ana. Anakhala pampando wina osauzidwa.

"Nambala munaidziwa bwanji, bambo?"

"Anandiuza yekha mayi wa kunyumba. Amati ndikamanyamula bokosi ndizidziwa kuti ndakweza mkazi wanga, ndisamalowe m'maenje." Anamwetulira pang'ono. "Anandiletsa kuuza a kuntchito. Amati angayambe kundimvera chisoni, ndipo iye chisoni ankadana nacho kuposa matenda."

"Nanga munawatengeranji?"

Dalaivala anayang'ana firiji. "Atamwalira, tsiku lina ndikuyendetsa adokotala, ndinawafunsa ngati funso wamba. Ndinati, kodi munthu akafa, magazi ake aja mumataya? Anati ayi, maselo ake amakhala ali moyo m'thanki, akugona. Mayi, ndinatsala pang'ono kulowa m'ngalande. Kuyambira tsiku limenelo, ndikafika ndi bokosi ndimaima kaye pakhomo la chipinda chija. Ndimangoti, 'Wadzuka bwanji?' n'kumapita. Zinkandikwanira."

Anakonza nsalu ya padzanja.

"Ndiye Lachinayi adokotala akulankhula pafoni kumbuyo kwanga. Anatchula nambala yake. Akuti Lolemba tisungunula onse otsala, tiwasankhe ndi makina, kenako tiwaswe tione m'kati. Tiwaswe! Ngati mtedza. Ine ndagwira chiwongolero, ndikumva."

"Akazi anu anapereka magaziwo kuti atero kumene."

"Ndikudziwa. Akanakhalapo akananditukwana. Akanati, 'Iwe, maselo ndi ako?' Koma mayi, inu munakwatiwa? Munthu mwamuika m'manda ndi manja anu, kenako mukumva kuti kachidutswa kake kakupumabe, ndipo Lolemba akukapha. Mukanatani? Sindimafuna kuwasunga mpaka kale. Ndimafuna akhaleko kunyumba masiku ochepa."

Sajeni anali atamangapo anthu olira, anthu otukwana, ndi ena ogwada. Onsewo ankadziwa chimene anachita. Uyu yekha sankadziwa. Anafuna kuwauza zoona, koma anadziletsa. Iye sanali dokotala. Mwina Najuzi anakokomeza. Mwina ena mwa maselowo anali olimba ngati mwini wake.

"Tiyeni tiwabweze, bambo," anatero. "Adokotala akawaone."

Dalaivala anamatula tepi mosamala ndi dzanja lamanzere. Timabotoloto tinali m'kambale ka galasi, titakulungidwa ndi mpango wa kumutu, ayezi atazungulira. Atakweza kamodzi kuti akaike m'bokosi, Sajeni anaona madzi a m'kati mwake akuyenda.

*

Mu labotale munali zii. Dalaivala anakhala pabenchi ya pakhonde, bokosi lopanda kanthu lili pamiyendo. M'kati, Najuzi anatenga kadontho m'kabotolo koyamba, nakasakaniza ndi kadontho ka utoto, nakaika pa kagalasi. Dokotala anali atamva kale kuti nambala ija inali ya mkazi wa munthu amene ankawayendetsa tsiku ndi tsiku. Anangoti, "Za maselowa ndinamuuza ndine."

"Utotowo ndi wa chiyani?" ananong'ona Sajeni.

"Selo lamoyo limaukana, limawala loyera," anayankha Najuzi. "Lakufa limaumwa, limasanduka labuluu."

Dokotala anawerama pa maikulosikopu. Anapotokola kachitsulo ka m'mbali, nasuntha kagalasi kumanzere, kumanja. Anapempha kabotolo kachiwiri. Anapempha kachitatu, mpaka komaliza. Kenako anavula magalasi awo, nawaika patebulo, natsamiritsa nkhope m'manja.

"Ngakhale ochepa?" anafunsa Sajeni.

Dokotala anapukusa mutu.

"Odi." Dalaivala anali ataima pakhomo, chipewa m'manja. "Pepani, adokotala. Ndikudziwa kuti ndalakwa, ndipo ntchito yatha. Koma ndisanapite ndi amayiwa, mungandilole ndimuone? Zaka zonsezi ndimangonyamula. Sindinaonepo."

Najuzi ndiye anakoka mpando, nawaonetsa poika diso.

Dalaivala anawerama mwamantha. Kwa kanthawi sanaone kanthu, kenako mapewa awo anadzuka.

"Eee! Alipo! Ambirimbiri!" Anaseka, kuseka kwenikweni. "Onse abuluu, ozungulira ngati mikanda. Ndiye ndi ameneyu? Mkazi wanga ndi wokongola mpaka m'kati. Mwaona, adokotala? Ndinakuuzani kuti ndawasamala."

Najuzi anatembenukira kukhoma. Sajeni anazindikira kuti pa anthu onse m'chipindamo, iye yekha ndi amene ntchito yake inali yogogoda pamakomo ndi uthenga wotere. Anasendera pafupi, naika dzanja paphewa la bamboyo.

"Bambo, amoyo amaoneka oyera. Abuluuwo ndi amene atisiya. Ayezi sakwanira kwa maselo a m'thanki. Anafa Loweruka lisanafike."

Dalaivala sanadzuke. Diso lawo linakhalabe pomwepo.

"Palibe woyera ngakhale mmodzi?"

"Palibe."

"Ndiye amene amafuna kudzapeza mlendo uja..."

"Tidzamufunafuna mwa ena," anatero Dokotala, mawu atasasa. "Zidzatenga nthawi. Koma tidzafuna."

Kunja galimoto ya polisi inaliza hutala. Najuzi, akupukuta m'maso ndi mkono wa juzi, anatambasula dzanja kuti azimitse nyali ya maikulosikopu.

"Musazimitse kaye, mwanangu," anatero dalaivala, osachotsa diso. "Tsiku lija anagwa ine ndili pamsewu ndi magazi a anthu ena. Sindinamutsanzike."

Sajeni anatuluka kukauza wa galimoto kuti azimitse injini.